Funsani Tiyankhe: Sitima ya Asilikali Imene Inapsa ku Quintinshill

Makalata a mwezi uno achokera ku Zomba ndi madera ozungulira, ndipo onse akukhudza nkhani imodzi: ngozi ya sitima ya pamtunda imene inapha anthu oposa 200 ku Scotland pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ija makolo athu ankaitcha nkhondo ya chiwaya. Oyankha ndi anthu odziwa kayendetsedwe ka sitima komanso mbiri ya nkhondoyi.

FUNSO: Ana a Fomu 3 ataona nsanja ya chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles (KAR) pafupi ndi Cobbe Barracks anafunsa ngati asilikali onse a nkhondo imeneyo anafa ndi zipolopolo. Ndamva kuti ku Scotland ena anathera pa njanji asanaione n'komwe nkhondoyo, ndipo akuti sitima zake zinali zisanu. Zinatheka bwanji?
Aphunzitsi a mbiri, Domasi

YANKHO: Aphunzitsi, tengani choko mujambule mizere inayi yogona pa bolodi, chifukwa nkhaniyi siimveka munthu asanaone mmene njanji zinayalidwira. Mizere iwiri yapakati ndiyo njanji zazikulu za kampani ya Caledonian Railway. Umodzi ndi wa sitima zopita kumpoto, ku Glasgow ndi Edinburgh, winawo ndi wa zopita kumwera, ku Carlisle ndi London. Mizere iwiri yam'mbali ndi njanji zopatukira, mmene sitima yoyenda pang'onopang'ono imalowa kuti yothamanga idutse. Pambali pake jambulani kanyumba kosanja ka mawindo ambiri, mokhala munthu woyang'anira zizindikiro zouza sitima kuima kapena kupitirira. Pamenepo ndiye pa Quintinshill, pafupi ndi Gretna Green, munthu akangolowa mu Scotland kuchokera ku England. Panalibe siteshoni. Panali kanyumbako ndi minda basi.

Linali Loweruka, pa 22 Meyi 1915. Sitima ziwiri zothamanga zimene zinanyamuka ku London usiku zinachedwa pafupifupi theka la ola, choncho a ku Carlisle anatsogoza kasitima ka anthu a m'midzi, koima siteshoni iliyonse, pomvana kuti kakapatuke pa Quintinshill. Koma njanji yopatukira ya mbali ya kumpoto inali kale ndi sitima ya katundu. George Meakin, amene anagwira ntchito usiku m'kanyumbamo, anakabweza cham'mbuyo kasitimako n'kukawolotsera pa njanji yaikulu ya sitima zopita kumwera, kuti kadikire pamenepo. Malamulo ankalola zimenezi, bola munthu atseke njirayo mwa ndondomeko.

Posakhalitsa kunatulukira sitima ina kuchokera kumpoto, ya mabogi a malasha opanda kanthu obwerera ku Wales, kumene kunkachokera malasha a zombo za nkhondo. Iyo inalowetsedwa m'njanji yopatukira ya mbali ya kumwera. Onani pa bolodi panu: mizere itatu mwa inayi yadzaza. Nthawi ya 6:38 sitima yothamanga yoyamba inadutsa pa mzere wotsalawo bwinobwino.

Apa m'kuti ntchito itasinthana manja. James Tinsley, wa masana, anali atalowa m'kanyumbamo. Nthawi ya 6:42 anzake a ku Kirkpatrick, kanyumba kotsatira chakumpoto, anamuimbira belu kupempha njira ya sitima ya asilikali. Tinsley anavomera, ndipo patapita mphindi zochepa anakoka mipini yoyendetsera zizindikiro n'kutsegula zizindikiro zonse za njanji ya kumwera, pomwe kasitima kaja kanali chiimire, mamita pafupifupi 60 kuchokera pa windo lake.

Sitima ya asilikaliyo inanyamuka ku Larbert mbandakucha ndi amuna pafupifupi 500, theka la gulu la 7 la Royal Scots, ambiri a iwo anyamata a ku Leith, doko la pafupi ndi Edinburgh. Ankapita ku doko la Liverpool kukakwera chombo chopita kunkhondo ku Gallipoli, m'dziko la Turkey. Inatsika mtsetse pa liwiro lalikulu, zizindikiro zonse zikuti njira ili bwino, ndipo 6:49 inawombana maso ndi maso ndi kasitima kaja. Zidutswa zinagwera pa njanji ya kumpoto. Patangotha pafupifupi mphindi imodzi, sitima yothamanga yachiwiri, yokokedwa ndi mainjini awiri, inalowa m'zidutswazo n'kuponda asilikali amene anali atangotuluka amoyo. Moto unagwiranso sitima ziwiri zija za m'njanji zopatukira. Zisanuzo ndi zimenezo.

FUNSO: Kwathu ku usilikali mlonda sachoka pamalo asanamuuze wolowa m'malo mwake zonse zimene zilipo. Kodi a njanji analibe lamulo lotere? Ndipo ndamva kuti munthu amene anaiwala sitimayo anali atangotsika m'sitima yomweyo. Munthu angaiwale bwanji chinthu chachikulu chotero?
Msilikali wopuma, Chinamwali

YANKHO: Bambo, mwamva zoona. Tinsley ankakhala ku Gretna, ndipo m'mawa umenewo anafika pa ntchito atakwera pa injini ya kasitima komweko. Malamulo analiponso, osati limodzi koma atatu, ndipo lililonse mwa atatuwo likanapulumutsa anthu onsewo palokha.

Tiyambe ndi mmene njanji imatetezedwera. Imagawidwa m'zigawo, kuchoka pa kanyumba kamodzi kufika pa kanzake, ndipo m'chigawo chimodzi simuloledwa sitima ziwiri pa mzere umodzi. Woyang'anira akafuna kutumiza sitima amapempha kwa mnzake wakutsogolo ndi belu, kulira kwake kowerengeka, ndipo pa shelefu pamakhala kabokosi kokhala ndi singano yoloza ngati njira ili yotseka, yololedwa kapena muli sitima. Zonsezi amazilemba m'kaundula pamodzi ndi nthawi yake.

Lamulo loyamba linali lakuti ukaimika sitima pa njanji yaikulu, uwaimbire belu anzako a kumbuyo kuwauza kuti pano patsekeka, ndipo singano uiloze kuti muli sitima. Zikatero a ku Kirkpatrick sakanapempha n'komwe njira ya asilikali. Nthawi yochitira zimenezi inali pamene sitima ya mabogi a malasha inamaliza kulowa m'njanji yopatukira. Mmalo mwake ku Kirkpatrick kunapita belu lonena kuti chigawo chayera, ndipo belu lotsekera silinapite. Pa kafukufuku, Meakin ndi Tinsley aliyense anakana kuti si iye anaimba belu loyeretsalo.

Lachiwiri ndi kolala. Aka ndi kachitsulo kobowola pakati, kokwana m'dzanja, kamene amakaveka pa mpini wa chizindikiro. Mpini uliwonse uli ndi kachogwirira kamene umayamba wakafinya kuti mpiniwo umasuke. Kolala ikakhalapo kachogwirirako sikafinyika, ndiye dzanja limakakamira, mutu n'kukumbuka kuti pali chifukwa. Kuveka kolala sikutenga masekondi asanu. Meakin sanaiveke, ndipo zinadziwika kuti m'kanyumba kameneko makolala sankagwiritsidwa ntchito kawirikawiri.

Lachitatu ndi limene a njanji ku Britain ankalitcha Lamulo 55. Sitima ikaimitsidwa pa njanji yaikulu kupitirira mphindi zitatu, wothira malasha pa injini ayenera kukwera m'kanyumba, kumukumbutsa woyang'anira kuti sitima yathu ili apo, kuona ndi maso ake kuti yatetezedwa, kenako n'kusaina m'kaundula. George Hutchinson, wothira malasha wa kasitima kaja, anakweradi. Tinsley anamupatsira cholembera cha paphewa osadzutsa mutu, iye n'kusaina, n'kutsika osayang'ana ngati kolala ili pa mpini. Siginecha inalowa m'buku, koma ntchito imene siginechayo imaimira sinagwirike.

Nanga Tinsley anawerama chifukwa chiyani? Apa ndi pamene pali gwero. Nthawi yosinthana inali 6:00, koma awiriwa anapangana mwamseri kuti wa masana azifika cha m'ma 6:30. Kuti mabwana asazindikire, wa usiku ankalemba sitima zonse zodutsa 6:00 itakwana pa kapepala, ndipo wa masana akafika ankakopera m'kaundula ndi dzanja lake kuti zioneke ngati analipo. Ndiye mphindi zimene Tinsley anayenera kuima pa windo n'kuwerenga sitima zimene walandira, anazithera pa kukopera manambala. Meakin naye sanapite kwawo. Anakhala pampando akuwerenga nyuzipepala imene Tinsley anabweretsa, ndipo anthu a m'sitima za katundu analowanso momwemo akucheza za nkhondo, chonsecho lamulo linkaletsa kuunjikana m'kanyumba ka zizindikiro.

Kuiwalako kokha ife sitikudabwa nako. Munthu amene wakoka mipini yomweyo m'mawa uliwonse zaka zambiri, belu likalira dzanja limayamba kuyenda mutu usanafunse. Amene analemba malamulo atatuwa ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake sanadalire kukumbukira kwa munthu mmodzi. Chimene chimatipweteka n'chakuti anthu atatu aliyense anasiya gawo lake poganiza kuti mnzake wachita lake, ndipo anali atazolowera kutero masiku ambiri popanda choipa chilichonse kuchitika.

FUNSO: Sitima zimawombana m'maiko ambiri koma anthu safa ochuluka chonchi. Chinapha anthuwa kwenikweni n'chiyani, kugundako kapena moto?
Namwino, Matawale

YANKHO: Mayi, zonse ziwiri, koma moto ndiwo unamaliza amene akanapulumuka. Nkhondo inachititsa kuti mabogi asowe, ndiye asilikaliwa anawakweza m'mabogi akale obwereka ku kampani ya Great Central Railway, ambiri a iwo amatabwa kuyambira denga mpaka chimango cha pansi. Bogi yotere ikagundidwa mwamphamvu, chimango cha ina chimakwera pamwamba pa inzake n'kumeta makoma ndi mipando ngati chikwakwa m'udzu. Sitimayo inali ndi mabogi 21, kutalika kwake mamita pafupifupi 195. Itagunda inafinyika kufika pa mamita 61 okha. Muyeze pa bwalo la mpira kuti muone tanthauzo lake: sitima yotalika ngati mabwalo awiri inapanikizika m'malo ongopitirira pang'ono theka la bwalo limodzi.

Nyale za m'mabogiwo zinali za gasi wopangidwa kuchokera ku mafuta, wosungidwa mopanikiza m'mathanki achitsulo omangiriridwa kunsi kwa bogi. Mathankiwo anali atangodzazidwa ulendo usanayambe. Mapaipi atathyoka, gasi anatuluka mwamphamvu n'kukumana ndi makala amoto otayika kuchokera m'mainjini. Pamwamba pa motowo panali matabwa ouma opakidwa penti ndi vanishi, komanso malasha amene anakhuthuka m'mainjini. Pamalopo panalibe mpopi. Anthu anayamba ndi madzi a m'mathanki a mainjini a sitima za katundu, ozimitsa moto a ku Carlisle anafika patapita maola, ndipo motowo unazima tsiku lotsatira.

Chiwerengero chimene chimatchulidwa ndi anthu 226 akufa ndi 246 ovulala, ndipo mwa akufawo oposa 210 anali asilikali. Buku la mayina a gululo linapsera m'sitima momwemo, ndipo matupi ambiri sanazindikirike. Poitana mayina madzulo a tsikulo, anayankha asilikali wamba 58 ndi akuluakulu 7 okha. Ambiri mwa omwalirawo anaikidwa m'manda amodzi ku Rosebank Cemetery mu Edinburgh pa 24 Meyi. Mpaka lero iyi ndiyo ngozi ya sitima imene inapha anthu ambiri kuposa ina iliyonse ku Britain.

Matabwa ndi moto zinachitanso zomwezi ku France usiku wa pa 12 Disembala 1917, pa Saint-Michel-de-Maurienne. Sitima yodzaza asilikali opita kwawo kutchuthi kuchokera ku Italy inatsika phiri ndi injini imodzi yokha, mabuleki analephera kuigwira, inagwa n'kupsa, ndipo anafa anthu oposa 400.

FUNSO: Kodi olakwawo analangidwa bwanji, ndipo kampani inayankhapo mlandu?
Wophunzira zamalamulo, Chirunga

YANKHO: Achimwene, kafukufuku wa boma anatsogolera ndi Lt. Col. E. Druitt wa ku Board of Trade, nthambi ya boma imene inkafufuza ngozi za pa njanji, ndipo anapeza kuti vuto linali kusatsata malamulo kwa oyang'anira zizindikiro awiriwo. Analangizanso kuti nyale za gasi zichotsedwe m'sitima ndipo mabogi azimangidwa ndi chitsulo. Inu a zamalamulo muonepo ichi: ngozi inachitikira ku Scotland, koma ena mwa ovulala anakafera ku Carlisle, ku England, choncho nkhani inafufuzidwa m'maiko onse awiri. Mlandu weniweni unazengedwa ku khoti lalikulu la ku Edinburgh mu Sepitembala 1915. Tinsley anagamulidwa zaka 3, Meakin miyezi 18, ndipo Hutchinson anamasulidwa. Awiriwo anatuluka m'ndende mu Disembala 1916, ndipo kampani inawalembanso ntchito zina, Tinsley yosamalira nyale, Meakin ya ugadi pa sitima za katundu.

Kampani sinaimbidwe mlandu. Ife tikuona kuti awiriwo analakwadi, ndipo palibe chowachotsera. Koma chizolowezi chosinthana mochedwa sichinayambe tsiku limenelo, makolala anali atakhala nthawi osagwira ntchito, ndipo oyendera ntchito sanazithetse. Amene anasankha kukweza anthu 500 m'mabogi amatabwa okhala ndi gasi n'kuwathamangitsa pa liwiro la sitima yothamanga sanali m'kanyumba kaja ayi.

FUNSO: Ndimakwera sitima pa Liwonde popita ku Nayuchi kukapikula katundu, ndipo njanji yomweyo imadutsa sitima zazitali za malasha. Njanji yathu ndi mzere umodzi wokha. Chimaletsa n'chiyani kuti ziwiri zisakumane?
Mayi wa geni, Songani

YANKHO: Mayi, funso lanu ndi la nzeru, chifukwa pa mzere umodzi sitima zimayenda mbali zonse ziwiri pa zitsulo zomwezo. Njanji ya kuno, imene zitsulo zake zimatalikirana mamilimita 1,067, ili ndi malo opatukira apa ndi apo, ndipo sitima zimapatsana njira pamenepo pokha. Lamulo la njanji iliyonse ya mzere umodzi n'lakuti dalaivala salowa m'chigawo opanda chilolezo cha chigawo chimenecho, ndipo chilolezocho chimakhala ndi sitima imodzi yokha pa nthawi imodzi. Kale chinkakhala ndodo kapena kachitsulo kolembedwa mayina a masiteshoni awiri, kotuluka m'makina amene salola kachiwiri kutuluka koyambako kasanabwezedwe. Masiku ano m'maiko ambiri chimakhala uthenga wochokera ku ofesi yowongolera sitima, wodzera pa wailesi kapena pa kompyuta ya mu injini, wonena pochokera ndi pothera. Chimene chimalakwika n'chimodzimodzi ndi cha ku Quintinshill: kulandira osawerenga. Ku Abermule, ku Wales, mu 1921, dalaivala anapatsidwa kachitsulo ka chigawo china, palibe anayang'ana mayina olembedwapo, sitima ziwiri zinawombana ndipo anafa anthu 17.

Pali chida chimene chikanamugwira dzanja Tinsley, chotchedwa track circuit, chimene William Robinson anapanga ku America mu 1872. Amadula chigawo cha njanji ndi zolumikizira zosadutsa magetsi. Kumapeto kwina amaika batire la mphamvu yochepa, kwinako kaswitchi koyendera maginito. Magetsi amayenda m'chitsulo chimodzi, n'kudutsa m'kaswitchi, n'kubwerera m'chitsulo chinacho. Sitima ikaponda, mateyala ake achitsulo ndi mtanda wowalumikiza zimadutsitsa magetsiwo chidule, kaswitchi kamagwa, ndipo chizindikiro chimakhomeka pa kuletsa, kaya woyang'anira akukumbuka kaya waiwala. Ubwino wake n'ngwakuti waya akaduka, batire likatha kapena njanji ikathyoka, kaswitchi kamagwanso, ndiye cholakwika chimaimitsa sitima mmalo moiloleza. Mdani wake ndi dzimbiri ndi mchenga pa njanji zosapondedwa kawirikawiri, chifukwa mateyala sagwira chitsulo bwino ndipo sitima ingathe kusaoneka. Pa Quintinshill chidachi panalibe. Malowo ankaonedwa ngati osavuta, popeza zonse zinkaoneka pa windo.

Mabogi a masiku ano ndi achitsulo, nyale zake n'zamagetsi, ndipo mabuleki amayendera paipi ya mpweya yodutsa sitima yonse, moti ikaduka pakati mbali zonse ziwiri zimadzimanga zokha. Koma chitsulo pa chitsulo chimaterera, ndipo sitima yaitali yodzaza ikakhala pa liwiro imatha kupitirira kilomita imodzi isanaime. Dalaivala akakuonani pa njanji ndi dengu pamutu, iye angoliza hutala basi, kuima sangathe, ndipo sangakhote. Podutsa njanji imani, muyang'ane mbali zonse, ndipo pa siteshoni sitima imodzi ikadutsa musathamangire kuwoloka musanaone mzere winawo. Musadutse kunsi kwa mabogi oima, chifukwa amagwedezeka popanda chenjezo injini ikawakoka kutali kumene inu simukuona. Petulo, parafini, silinda ya gasi ndi mbaula ya moto zisalowe m'bogi ya anthu. Mukaona mabawuti kapena zomangira njanji zitachotsedwa, kauzeni a pa siteshoni kapena apolisi tsiku lomwelo.

FUNSO: Agogo a bambo anga anamenya nawo nkhondo ya chiwaya kuchokera kuno ku Zomba. Kodi iwonso ankapita kunkhondo pa sitima ya pamtunda?
Mdzukulu wa msilikali, Mpondabwino

YANKHO: Achemwali, ngati anapita kumpoto, ku Karonga kumene nkhondo ndi Ajeremani inaulika mu Sepitembala 1914, ndiye sanakwere sitima ya pamtunda. Zomba inali likulu la boma komanso kwawo kwa gulu loyamba la King's African Rifles, koma njanji sinafike m'tauniyi, ndipo mpaka lero sinafike. Imene inalipo ndi ya Shire Highlands Railway, yotsegulidwa mu 1908 kuchoka ku Port Herald, kumene lero ndi Nsanje, kufika ku Blantyre, ndipo mu 1915 inatalikitsidwa chakumwera mpaka ku Chindio m'mbali mwa Zambezi. Kumpoto kwa Blantyre kunalibe njanji. Asilikali ankayenda wapansi kupita ku Fort Johnston, Mangochi ya lero, n'kukakwera sitima za panyanja monga Guendolen. Chakudya, zipolopolo ndi mahema zinkayenda pamitu pa amtengatenga, amene dziko lino linapereka pafupifupi 200,000, ndipo ena ambiri anafa ndi matenda, njala ndi kutopa. Njanji inafika ku Salima mu 1935, chaka chomwe mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa, ndipo ya ku Nayuchi yodzera pa Liwonde inamalizidwa mu 1970.